Nambala 14 Wapambana ku Dambe

Zomba
6 Febuluwale 1995

Okondedwa bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse kumeneko ku Dambe. Ine ndili bwino, koma nthawi ndilibe, choncho ndingolowa m'nkhani.

Pa Khirisimasi munandifunsa pamaso pa alendo kuti digiri yanga ikugwira ntchito yanji. Yankho ndi ili. Ndikuthandiza Profesa Brandsma, mzungu wa ku Holland, amene ali ndi nyumba yodzaza ndi makabati a agulugufe ouma ochokera m'mayiko onse. Ine ndimayang'ana mapiko, tinyanga ndi mawanga, n'kunena kuti uyu ndi wa mtundu wakuti, kwawo n'kwakuti. Musaseke. Mu Ogasiti profesa atumiza munthu mmodzi ku Holland kuti akapitirize maphunziro. Tilipo awiri: ine ndi Dickson, mnyamata wa ku Lilongwe amene amanyamula chikwama cha profesa n'kumaseka nthabwala zake asanazimalize. Akapita Dickson, ine anditumiza kukaphunzitsa Fomu 1 kwinakwake kopanda magetsi, ndipo ndidzakalambira komweko choko chili m'tsitsi.

Chimene ndili nacho ine, Dickson alibe, ndi mapiri akwathu. Palibe katswiri anakwerapo ku Dambe kukaona agulugufe, magalimoto awo amabwerera pa Neno. Ndikapeza ngakhale mmodzi amene mabuku sakumuyembekezera kumeneko, ulendo ndi wanga.

Ndakutumizirani chipepala chachikulu chojambulidwa agulugufe makumi atatu, aliyense ndi nambala yake. Ena ndi akuno, ena a ku India, Brazil ndi kwina, chifukwa china sindinachipeze. Muwaonetse anthu, aliyense aloze amene anamuonapo kwathuko. Koma mvetsetsani: munthu aziona payekha, asamve zimene wanena mnzake, inunso musamuuze choloza, ndipo wina asawerengedwe kawiri. Munali mphunzitsi, izi sizingakuvuteni.

Chonde fulumirani. Dziko lasintha, bambo. Anzathu akuthamanga ife tikadali kusenda mbatatesi.

Mwana wanu,
Felista


Dambe, P.O. Neno
2 Malichi 1995

Wokondedwa mwana wanga Felista,

Choyamba ndi moni. Kuno tonse tili bwino, kupatula mvula imene yadya msewu wa ku Magaleta mpaka wangotsala dzina. Kaya iwe kumeneko. Wailesi yanga yakhala chete sabata yachitatu ino, ukapeza mabatire usaiwale bambo wako.

Kalata yako nditaiwerenga misozi inalengeza. Ine ndinkayesa kuti ana a masiku ano saona zimene makolo awo amachita. Chaka chatha, pamene boma linandisankha kukhala kalaliki pa malo oponyera voti pano pa sukulu, anthu ena ankati Laimoni wangopita kukadya masikono. Lero mwana wanga ali ku Zomba wandipatsa malamulo omwewo amene tinaphunzira pa semina: munthu payekha, wosauzidwa, wosabwereza. Ndinatulutsa baji yanga m'sutikesi, ndinapezanso kuti botolo la inki limene linatsala silinaume.

Ntchito yako ndaigwira mwadongosolo. Chipepala chinapachikidwa pa golosale ya aJoel sabata yathunthu kuti anthu awadziwe onse makumi atatuwo. Loweruka tinamanga kachisakasa ka udzu kuseri kwa sukulu. Aliyense ankalowa yekha, n'kulemba nambala pa kapepala, n'kuponya m'chitini chotsekedwa, potuluka n'kuviika chala mu inki. Anthu anabwera kuchokera m'midzi yonse, ena ndi ana kumbuyo, ena pa machila. Akulu ampingo awiri anakhala mboni.

Zotsatira ndi izi. Nambala 14, uja wabuluu wamkulu wonyezimira, ndiye watchulidwa ndi anthu opitirira mazana awiri. Womutsatira ndi Nambala 6 wachikasu, koma ali kutali. Enawo ndi tinyenyeswa. Panali mtendere, kupatula aJoel amene anayankhula mawu osayenera kulembedwa.

Mabatire akhale aakulu aja.

Ndine bambo wako,
L. Laimoni


Zomba
13 Malichi 1995

Okondedwa bambo,

Moni nonse. Kalata yanu ndinailandira ndili pakati pa ntchito, ndinangothamangira pamapeto pamene pali nambala.

Bambo, Nambala 14 kwawo ndi ku nkhalango za ku Brazil. Mu Africa monse palibe anamuonapo akuuluka. Poyamba ndinati n'zosatheka. Kenako ndinakumbuka chimanga ndi mabulangete amene ankabwera pa sitima zapamadzi, kupita kwa othawa nkhondo ku Lisungwi kuja. Mbozi imodzi m'thumba limodzi, basi! Nanga anthu mazana awiri, aliyense payekha, angalote loto limodzi? Nzeru yanu ya inki ija ndaikonda, ngakhale profesa sakanaiganiza.

Komabe ndisanatsegule pakamwa pamaso pa mzungu, nditsimikizireni. Kodi ndi Nambala 14 weniweni? Palibe amene anawauza choloza? Yankhani ndi positi yoyamba. Za mabatire ndamva.

Mwana wanu,
Felista


Dambe
19 Malichi 1995

Felista mwana wanga,

Ndine mayi ako, Falesi. Akundilembera ndi anamwino aLucy pano pa chipatala, chifukwa ndikapempha abambo ako alemba zawo. Uli bwanji? Ukudya? Pa chithunzi chija wawonda.

Mwana iwe, chipepala chako chatipenga. Abambo ako atangochipachika, anthu anayamba kufunsana kuti kodi agulugufewa akuimira chiyani. Abambo ako anati, mwana wanga ali pafupi ndi azungu, sangatumize chinthu chopanda phindu, amene apambane abweretsa chitukuko. Basi moto unabuka. AJoel a golosale anatenga wachikasu, akuti akufanana ndi utoto wa chitseko chawo, n'kuyamba kugawa sopo. Abambo ako, amene amati kalaliki satenga mbali, anatenga wabuluu. Ankayenda khomo ndi khomo kunena kuti taonani akunyezimira ngati malata atsopano, uyu ndi wa kudziko la ndalama, uyu ndiye atikonzere msewu.

Ine ndinati, abambo a Felista, mwanatu wati tiloze amene tinamuonapo. Iwo anati, amene tinawaonawo akhala nafe zaka makumi atatu, atichitira chiyani? Anthu akufuna kusintha. Anthu anaomba m'manja mpaka agalu kuuwa.

Amayi a kwaya anapeka nyimbo. Mlamu wako wa kwa aGilbert anabwezera mkazi kwawo chifukwa anamumva akuimba yachikasu posamba.

Ine ndinalemba uja wakuda wamawangamawanga amene mbozi zake zimatha masamba a manachesi anga. Anapeza pepala limodzi lokha. Akuti zinali zachinsinsi, koma abambo ako sakundiyankhula mpaka lero, chakudya akungoloza ndi chala chainki chija.

Wabuluuyo palibe anamuonapo kuno, ngakhale m'maloto. Ndati ndikuuze usanachite manyazi. Kalatayi ndaipereka kwa aGilbert amene akutsika ndi mbatatesi ku Zalewa, akaponyera kumeneko kuti ifike msanga.

Mayi ako


Dambe, P.O. Neno
27 Malichi 1995

Wokondedwa mwana wanga Felista,

Moni. Tili bwino. Wailesi ikadali chete.

Funso lako landipweteka mtima. Kodi aJoel akulembera? Ndi iwo amene akufalitsa kuti chitini chinali ndi pansi pawiri. Ndikubwereza: ndi Nambala 14, ndipo palibe anakakamizidwa. Ndinawerenga katatu pamaso pa mboni, dzuwa lili pamutu. Uza mzungu wakoyo kuti anthu a ku Dambe ayankhula, tsopano akudikira. Tsiku lililonse amandifunsa kuti abwera liti.

Ndine bambo wako,
L. Laimoni


Zomba
10 Epulo 1995

Okondedwa bambo,

Moni. Zatheka! Ndinamuuza profesa pamaso pa Dickson. Profesa anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, n'kunena kuti sakukhulupirira, koma sangagone osakaona. Dizilo wa ntchito yathu watsala wa ulendo umodzi wokha, ndipo wauika pa mawu anga. Anandiuza mosabisa kuti ngati n'zoona dzina langa lilowa m'mabuku, ngati n'zabodza ndidziwiretu amene akukwera ndege. Dickson tsiku limenelo sanaseke.

Tifika pa 26 mwezi uno, tikhala masiku atatu. Tibwera ndi maukonde, komanso Nambala 14 mmodzi wa m'kabati ya profesa woti tidzafananizire. Mukonze anthu amene adzatiperekeze kumene amakonda kutera. Chonde pasakhale zoyankhulayankhula zambiri, mzungu sakonda kutaya nthawi, inenso chimodzimodzi.

Amayi bwanji sandilembera?

Mwana wanu,
Felista


Dambe, P.O. Neno
8 Meyi 1995

Wokondedwa mwana wanga Felista,

Moni wa bambo wako, ngakhale unachoka osatsazika. Tili bwino. Mabatire unabweretsa ndi aang'ono, koma sindikudandaula.

Popeza pafupifupi masiku atatu onse unawathera m'Landirova utafunda chitenje kumutu, ndati ndikufotokozere mmene zinayendera, chifukwa zambiri zinakupita.

Suyenera kuchita manyazi ndi kwanu. Amuna anakankha galimoto yanu kuchokera m'matope a kumtsinje mpaka pa sukulu, akuimba. Amayi anayala zitenje. Oyankhula anali asanu ndi awiri okha, ena ndinawakaniza monga unapempha.

Cholakwa choyamba chinali cha profesa wako, aBuranzima. Ataimirira anafunsa kuti, ndani mwa inu analoza Nambala 14? Funso lotere silifunsidwa masiku ano. Nchifukwa chake anthu anangoyang'ana pansi, ndipo aGilbert anayankha bwino kuti, bwana, zimenezo zinatha ndi chipani chimodzi. Atafunsanso kuti, nanga amapezeka kuti, anthu anadabwa. Mayi wina kumbuyo anati, ife timayesa mwabwera naye ndinu. Apo mpamene iwe unandiyang'ana diso lija, limene mwana sayenera kuyang'ana nalo bambo wake.

Cholakwa chachiwiri chinalinso chawo. Pofuna kuti timvane, anatsegula chikwama n'kutulutsa kabokosi kagalasi, n'kukakweza m'mwamba. Felista, ine ndaika anthu ambiri m'manda, koma kulira kwa tsiku limenelo sindinakumvepo. Munthu wathu, amene tinamuyendera khomo ndi khomo, ali gada, mapiko otambasula, singano itamubaya pachifuwa! Wokongola kuposa pa chithunzi. Asanagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

AJoel analumpha n'kunena kuti wachikasu alowe m'malo. Akuluakulu anawakhazika pansi, kuti ndale zidikire, pamudzi pagwa zovuta.

Ukudziwa mwambo wakwanu. Pakakhala maliro khasu siligwiridwa, ndiye ukonde ungagwiridwe bwanji? Mmawa aBuranzima atatuluka ndi ukonde wawo, adzukulu okumba manda anawalanda mwaulemu, n'kuwapatsa mpando pakati pa amuna. Anawauzanso kuti alendo obwera ndi mtembo ndiwo amafotokoza mmene imfa inayendera. Iwo anati malemuyo anagwidwa ku Brazil agogo awo akadali mnyamata. Anthu anang'ung'udza kuti kani anafa kalekale, ife n'kumatibisira. ABuranzima anafuna kukaniza bokosi, akuti ndi lamtengo wapatali, ndipo lina lotere alibe. Tinawayamikira kuti agula bokosi labwino, koma mtembo ukafika pamudzi subwerera. Tinaika Lachisanu, pansi pa mkungudza uja kuseri kwa sukulu. Abusa anakana kulalikira, choncho ndinayankhula ndine. Ambiri akuti ndinayankhula bwino.

Tsopano nkhani yaikulu. Dalaivala wanu, pamene tinkakankha galimoto pobwerera, anandinong'oneza kuti aBuranzima anena kuti ku Holland kupita Dickson. Ndinafunsa kuti, anasankha ndi ndani? Akuti okha. Anafunsa anthu? Ayi. Panali mboni? Ayi. Mwana wanga, ife tinaima pa mzere kuyambira mbandakucha kuti zoterezi zithe m'dziko muno. Munthu mmodzi sangangodzuka n'kuloza.

Loweruka lapitali tinamanganso chisakasa. Oimira munali awiri, iwe ndi Dickson. Popeza chithunzi chake tinalibe, aphunzitsi a Sitandade 5 anamujambula motsatira mmene dalaivala anafotokozera, ndipo makutu sanawawonjezere kwambiri. Wapambana, mwana wanga. Ngakhale aJoel ndi anthu awo achikasu anali mbali yako, anagawa sopo m'dzina lako. Dickson anapeza pepala limodzi. Mayi ako akuti si iwo.

Tagwirizana ndi lole ya mbatatesi. Loweruka pa 20 tikubwera ku Zomba anthu makumi anayi, ndi kwaya, kudzapereka zotsatira m'manja mwa aBuranzima. Sitidzachoka pakhomo pawo mpaka atazilandira. Usavutike ndi malo ogona, ndamva kuti ali ndi kapinga wamkulu.

Ndine bambo wako,
L. Laimoni


Zomba
15 Meyi 1995

Bambo,

Moni ndikupatsani chifukwa munandilera, osati chifukwa ndili nawo.

Kalata ya amayi ya mu Malichi yandipeza dzulo, itanunkha mbatatesi. AGilbert anaipeza m'thumba la jekete pochapa. Auzeni amayi kuti ndawamva, mochedwa ndi miyezi iwiri.

Mukudziwa chimene mwandichita? Ndinakupemphani kuti mufunse anthu chimene anaona. Funso la mwana wa Sitandade 1! Inu munachititsa misonkhano. Gulugufe si phungu, bambo. Sakonza msewu, sakumba mjigo, alibe ofesi. Amaikira mazira, amafa, basi. Amene munamuika pansi pa mkungudza uja anali m'banja la profesa kuyambira nkhondo ya Hitila isanayambe. Pobwerera ku Zomba, titafika pa Zalewa munthuyo anatsika n'kukaima payekha kuyang'ana mtsinje wa Shire nthawi yaitali, mpaka dalaivala anamutsatira kuopa zina.

Panopa ntchito yanga ndi kusintha mankhwala a njenjete m'makabati. Dickson wagula kale jekete la kozizira, amabwera nalo ku ofesi dzuwa likuswa mtengo. Akandiona amandifunsa kuti, achemwali, kumudzi maliro anatha bwino? Zaka zinayi ndinawerenga ndi kandulo pamene anzanga ankavina. Ndinkafuna ndichoke, ndikaone mayiko, ndibwere ndi chinthu m'manja chosintha kwathuko. Lero Zomba yense akundidziwa ngati mtsikana amene kwawo analira gulugufe.

Tsono mukuti mubwere anthu makumi anayi, ndi kwaya, pa kapinga wa munthu amene munamulanda ukonde. Ganizo loipa chotere sindinalimvepo chibadwire. Maphunziro si chisankho. Profesa sakakamizidwa ndi chitini cha ku Dambe. Musabwere Loweruka. Ndabwereza, Loweruka musabwere. Kuwonjezera apo, Loweruka profesa sakhala pakhomo, amakwera kuphiri.

Lachinayi pa 25 ndi pamene kukubwera akuluakulu atatu ochokera ku Holland, eni ake a ndalama za ulendowu, amene profesa amawaopa kuposa njenjete. Ndinawaona chaka chatha. Akangomva kuti anthu akumudzi akhala pansi n'kusankha okha, amatulutsa makamera, mayi wina pakati pawo amafika polira. Adzadya nkhomaliro pakhonde la profesa, loyang'ana ku kapinga.

Ndikungokuuzani kuti mudziwe kukula kwa manyazi amene mungandichititse mutafika tsiku limenelo dzuwa lili pamutu, amayi a kwaya ali kutsogolo atavala zofanana, akulu ampingo awiri aja atanyamula chitini, inu mutavala baji. Chithunzi cha Dickson chija chisaoneke, ndipo aJoel asatchule za sopo. Oyankhula akhale awiri, osati asanu ndi awiri. Za maliro, wina asayerekeze n'komwe.

Ku geti lakutsogolo kuli agalu. Lakumbuyo, loyang'ana kumsika, loko wake anathyoka.

Wina akakufunsani, ine sindikudziwa kanthu.

Mwana wanu,
Felista